Mchere pa Chifuwa cha Mfumu ya ku Kilvarra

Torquil MacTorran, mfumu ya nambala 24 ya fuko la a MacTorran a ku Kilvarra, anali gone chagada pakapeti m'chipinda cha mabuku, miyendo yowongoka, manja pamimba, maso otseka bwinobwino. Pakanapanda bala la pamwamba pa khutu, ukanangoti mkuluyo nkhomaliro yamulemera.

Insipekitala Dolina Kerr analowa m'chipindamo 7:28 madzulo, Lachisanu. Anali atayenda mamailosi 62 kuchokera ku Inverness, khumi omalizawo ali pambuyo pa nkhosa zomwe siziopa sayirini. Zaka 31 ali m'polisi, bondo limodzi lovuta, tiyi asanamwe.

"Tandiuza, Bain."

Sajeni Bain anatsegula kabuku kake. "Womwalira ndi MacTorran, zaka 66, mkazi anatsogola kale, mwana mmodzi ali ku New Zealand. Wapeza mtembo ndi MacTorran, mayi wophika. Woyang'anira mbawala m'phirimu ndi MacTorran, mlongo wake wa wophikayo. Kuli mlendo wochokera ku Texas, nayenso MacTorran. Galu sindinamufunse, bwana, koma ndikumukayikira."

"Ukadzatopa upolisi ukayese zisudzo. Chomenyera chili kuti?"

"Palibe. Adokotala akuti chinthu cholemera, chokhakhala, kamodzi kokha. Pakati pa 2 ndi 4 koloko masana."

Pakona panaima chiwotchi cha makolo, chachitali ngati munthu. Chinatsokomola kaye, kenaka chinalira kasanu. Dolina anayang'ana ya pamkono pake. 7:30.

"Chatsalira maola awiri ndi theka."

"Nyumba yonseyi yatsalira zaka mazana awiri, bwana."

Dolina anagwada pafupi ndi zenera kuti asuzumire kunsi kwa desiki, ndipo anadzuka bondo la thalauza litanyowa. Kapeti inali chinyontho. Zenera linali lotseka, lokhoma.

"Mvula yagwa liti kuno?"

"Cha m'ma 4 koloko. Yamphamvu, koma yosachedwa."

Padesiki panali timabokosi pafupifupi zana, kalikonse komanga ndi riboni ya nsalu ya fuko. Dolina anatsegula kamodzi. M'katimo munali kamwala kotuwa ngati chala chachikulu, ndi kakhadi: *Chidutswa cha kwanu. Mapaundi 45.*

"Mawa ndi msonkhano wa fuko," anatero Bain. "A MacTorran makumi asanu ndi limodzi ochokera kunja ali kuhotela kumudziku. Mfumu imafuna iwagulitse kwawo, kamwala kamwala."

Wophika uja anamupeza kukhitchini, mbali ya kumadzulo kwa nyumba. Effie MacTorran, zaka 71, wamfupi, wamikono ya munthu amene wakanda ufa moyo wake wonse. Asanafunsidwe kanthu anali atayika kale tiyi ndi masikono patebulo.

"Idyani kaye, mayi. Munthu wanjala amafunsa mafunso achipongwe."

Dolina anadya. "Mwawapeza nthawi yanji?"

"5:40. Ndimakawapatsa tiyi."

"Foni yanu yafika kwathu 5:46. Mphindi zisanu ndi imodzizo mumatani?"

"Ndimalira. Kapena lamulo limati tizilira mphindi zingati?"

"Munakhudza chilichonse?"

"Ayi."

Anayankha msanga kwambiri, ndipo maso anapita kukhomo lakumbuyo. Dolina analemba *ayi* m'kabuku, n'kumulemba mzere pansi.

"Mwagwira ntchito muno zaka zingati?"

"Ndinabadwira muno. Chipinda cha pamwamba pa mutu wanupo. Ine, Hector, mayi athu, mayi awo." Effie anathira tiyi wina. "Nsanja ya nyumba ino ndi ya 1587, inamangidwa ndi ng'ombe zakuba. Mbali ya kum'mawa inamangidwa ndi chuma cha mkazi wa ku Glasgow, yemwe anali ndi mano atatu koma zombo zisanu ndi ziwiri. Mfumu ya nambala 14 inawerenga zombo, mano sinawerenge."

"Nanga mbali ino?"

"Ino ndi khitchini," anatero Effie, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chitseko chakumbuyo chinatseguka. Analowa mwamuna wamtali, wowonda, wa zaka 66, jekete la ubweya litanyowa m'mapewa. Anavula chipewa, n'kuima.

"Uyu ndi Hector, mlongo wanga," Effie anafulumira. "Anali kuphiri tsiku lonse."

"Pakamwa ali napo, mayi. Bambo, munali kuti masana?"

"Kuphiri," anatero Hector.

"Mfumu mumagwirizana nayo?"

Hector anayang'ana chipewa chake. Anayankha ndi Effie. "Anayamwa bere limodzi awiriwa. Mayi a Torquil anamwalira pobereka, mayi athu n'kumutenga. Uku Hector, uku Torquil. Mpaka zaka eyiti amagona bedi limodzi, kenaka wina anapita kusukulu ya ku England, wina kukaweta agalu. Ine ndatsala ndi yekhayu, mayi. Mukafuna munthu woipa, yambani ndi wa ku Texas uja. Nkhomaliro ya lero anakalipirana mpaka mbale zimalira."

Loweruka 9:00 m'mawa, m'kachipinda ka kuseri kwa holo ya mudzi, komwe amasungiramo mipando ndi zidole za Khirisimasi. Ndimo munali polisi ya tsikulo.

Dwight MacTorran analowa atavala kilti yatsopano, mapinda ake ali kutsogolo. Bain anatsokomola mpaka misozi.

"Bambo, siketiyo mwaitembenuza," anatero Dolina. "Mapinda amakhala kumbuyo."

"Masiku atatu ndili muno! Bwanji palibe wandiuza?"

"Kuno timalemekeza alendo. Khalani pansi. Dzulo munakangana ndi mfumu."

"Tinakambirana ngati abale."

"Munati mudzamukwirira."

"Ndi maloya, amayi apolisi! Kumukwirira ndi maloya! Onani, ine ndinalavulira m'kabotolo, ndinatumiza kokayezetsa DNA, zotsatira zinabwera. Magazi anga ndi achifumu kuposa ake. Agogo a agogo anga anakwezedwa chombo mu 1822 ngati mbuzi, pamene ufumu unali wawo."

"Munasiyana nthawi yanji?"

"2 koloko. Anandikokera m'chipinda cha mabuku kuti andisangalatse, akuti ndione katundu wa pamsika wa usiku uno. Timabokosi tija ndi ta anthu wamba. Wapamwamba unali mwala wautali wolembedwa zilembo, ataudula panayi. H M, E B, 1791. Amati chidutswa chilichonse chiyambira mapaundi zikwi ziwiri. Ndinamuuza kuti ndi mbava, koma ndinasungitsa chimodzi."

Dolina anayang'ana Bain. Bain anatsegula kabuku. "Pansi pa nsalu, patebulo la pakona, pali zidutswa zitatu, bwana. Zitatu."

"Kenaka munapita kuti, bambo?"

"Kukafuna mabwinja a Balvarra, mudzi wa makolo anga. Ndinanyamuka cha m'ma 2:30."

"Munawapeza?"

Dwight anatulutsa foni monyinyirika. Kanemayo anali ataulutsidwa pompopompo kwa abale ake a ku Texas, kuyambira 2:52 mpaka 3:41. Mphindi zisanu zoyamba ankayimba nyimbo ya kwawo kwa makolo. Zotsalazo anali m'dambo mpaka m'chiuno, akuitana Yesu ndi mayi ake mosinthanasinthana, tizilombo toluma tikumuchita phwando kumaso. Anthu 212 anali ataika kamtima.

Atatuluka, Bain anapukuta maso. "Ndi iyeyu, bwana. Pakati pa 2 ndi 2:30 palibe anamuona. Chifukwa ali nacho, mwala anauona, mkono ali nawo."

"Munthu wolephera kuvala siketi angawongole mtembo miyendo n'kuutseka maso?"

"Mantha amaphunzitsa."

"Musunge kuhotela. Pasipoti umulande."

11:15 foni inalira. Anali dokotala wopima mitembo.

"Dolina, m'balamo muli timchenga ta mwala. Izo umayembekezera. Koma pajuzi pake, pachifuwa penipeni, pali mchere. Wazungulira ngati unatayikira m'mphepete mwa kambale. Wamibulu, osati wa patebulo. Ndipo muli ubweya uwiri wa mbawala. Kodi kumeneko mumafuna kumufutsa mkuluyu?"

Dolina sanaseke. Anatsitsa foni pang'onopang'ono. M'maganizo anali atabwerera kwawo ku Harris, ali ndi zaka naini, tsiku lomwe bambo ake anatsirizika. Azakhali ake sanayambe ndi kulira. Wina anaimitsa wotchi. Wina anatsegula zenera kuti mzimu upeze njira. Wachitatu anabwera ndi kambale ka mchere n'kukaika pachifuwa, kuti choipa chisayandikire thupi. Atatha zitatuzo m'pamene maliro anayamba.

"Bain, tenga pensulo. Wotchi ija sinawonongeke. Wina anaiimitsa munthu atangofa. Wina anabwera pambuyo n'kuikankha kuti iyambenso, koma m'changu anaiwala kukonza mivi. Ngati anaikankha 5:40, ndipo yatsalira maola awiri ndi theka, inaima nthawi yanji?"

Bain anawerenga ndi milomo. "3:10."

"3:10 mnzako wa ku Texas anali kuti?"

"M'matope, bwana. Pamaso pa anthu 212."

"Mubwezere pasipoti. Zenera linali lotsegula mvula ikugwa, n'chifukwa kapeti inanyowa. Wopha uyu anaimitsa wotchi, anatsegula zenera, anaika mchere. Mlendo sangadziwe zimenezo. Mdani sangavutike nazo. Anamupha ndi munthu womukonda, ndipo wina anabwera kudzafufuta chikondicho."

12:05 anaimika galimoto kuseri kwa nyumba. Dzulo Dolina analowera kutsogolo, kunja kukuchita mdima. Lero anaona khomo la khitchini ali panja. Pamwamba pa chitseko panali chibowo chachitali ngati dzino lozulidwa, atachichirikiza ndi zitsulo ziwiri za amisiri. Fumbi la mwala linali lisanasesedwe.

Effie ankasenda mbatata. Sanatembenuke.

"Mayi, mwala unali apowo unali wa ndani?"

Mpeni unaima. Kenaka unapitiriza.

"Wa Hector MacTorran ndi Effie Beaton. Anakwatirana 1791. Maina athuwa si angozi." Mbatata inagwera m'madzi. "Munandifunsa kuti mbali ino inamangidwa ndi chiyani. Inamangidwa ndi Balvarra. Mu 1822 mfumu ya nambala 17 inaona kuti nkhosa zimalipira kuposa abale. Mabanja makumi anayi, onse a MacTorran, magazi ake enieni, anawatenthera madenga n'kuwakweza chombo. Miyala ya nyumba zawo inali yosema bwino, ndiye anati isawonongeke. Anasiya bambo mmodzi, Hector wa pamwalayo, chifukwa anali mmisiri. Anamulemba ganyu yoti agumule nyumba yake yomwe, asenze miyala, amangire mfumu khitchini."

"Ndiye anaika mwala wa pakhomo pake apo."

"Zilembo kuyang'ana kunja, kuti aliyense aone. Mfumu inkalowera kutsogolo, inatha zaka khumi isanadziwe. Kuyambira pamenepo ife sitinakhalepo antchito muno, mayi, ngakhale amatilipira. Timakhala m'nyumba mwathu. Mkwatibwi wa kwathu amalowera pansi pa mwalawo. Bokosi la kwathu limatulukira pansi pa mwalawo. Mayi athu anatulukira pamenepo, Torquil atanyamula kumutu, Hector kumiyendo."

"Unachotsedwa liti?"

"Dzulo m'mawa. Ananditumiza kuholo kukakonza matebulo, Hector ali kuphiri ndi mlendo wosaka. Ndikubwera 1 koloko, ndapeza bowo."

Dolina anakoka mpando. "Munatseka zenera, mayi. Munakankha wotchi. Munachotsa kambale. Mphindi zisanu ndi imodzi zija."

Effie anaika mpeni pansi, anapukuta manja pa epuloni, anaivula, n'kuipinda bwinobwino.

"Chabwino. Ndamupha ine. Lembani."

"Bwana..." anayamba Bain.

"Lemba, Bain. Munamupha ndi chiyani, mayi?"

"Ndi chidutswa cha mwalawo."

"Chili kuti?"

"Ndinachiponya m'nyanja."

"Mchere munautenga kuti?"

"Ndine wophika. Mukuganiza ndinakaupempha kutchalitchi?" Analoza mtsuko wa pashelefu.

Dolina anatsegula mtsukowo, anatapa ndi zala, n'kuwaza patebulo. Wosalala ngati shuga.

"Nthawi inali yanji?"

"Cha m'ma 3."

"Lachisanu lililonse 3 koloko galimoto ya nsomba imaima pageti. Bain, uli ndi nambala ya mwini wake?"

Bain anaimba, n'kuika foni patebulo kuti onse amve. Wansombayo anayankha injini ikulira.

"A Effie? Dzulo? Aaa, anabwera, bwana, anabwera. 3 koloko ndendende, anachoka 3:25. Ananena kuti nsomba zanga zinafa ndi ukalamba. Koma dzulo sanali bwino, maso anali ofiira, moti anagula osatsitsa mtengo. Zaka makumi awiri sizinachitikepo. Ali bwino kodi?"

"Ali bwino, zikomo." Bain anadula.

Kuchokera pageti kufika kunyumba ndi theka la mailosi. Aliyense m'khitchinimo anadziwa zimenezo.

"Sandy ndi wabodza," anatero Effie. "Amaba ndi pasikelo pomwe." Anatembenukira kwa Dolina. "Mayi, ndakupatsani munthu. Mukufunanso chiyani? Ndine wazaka 71, kundende kuli khitchini, ndikaphika. Mlongo wanga sangathe. Sanagonepo m'tawuni usiku uwiri wotsatizana. Mukamutsekera m'chipinda chopanda phiri, afa Khirisimasi isanafike. Lembani ine. Ndani adzadziwe?"

Dolina anayang'ana mchere uja patebulo.

"Ine," anatero. "Pepani, mayi."

12:40, kanyumba kosendera nyama, kuseri kwa makola a agalu. Mbawala yamphongo inali lende pambedza. Hector anali atayala chikopa pathabwa, akuchipaka mchere wamibulu wotapa m'thumba la pakona. Sanadabwe.

"Bambo Hector, mlongo wanu wavomera kuti ndiye anapha Torquil. Sajeni walemba."

Dzanja linaima pachikopa.

"Wanena zimenezo?"

"Wapinda kale epuloni."

Effie anali atawatsatira, akupuma mwawefuwefu pakhomo. "Hector, tseka pakamwa pako! Unalumbira! Unalumbira pa dzina la mayi!"

"Ndinalumbira kuti ndikhala chete, Effie. Sindinalumbire kuti ndikuonerera ukukwera galimoto ya apolisi."

"Chitsiru iwe. Chitsiru chachitali."

"Mayi akanandimenya ndi chikuni ndikanakusiya, ukudziwa."

Anasamba m'manja pampopi, anapukuta chala chimodzichimodzi. Kenaka anafikira pashelefu ya pamwamba, kuseri kwa mipeni, n'kutsitsa chinthu chokulunga m'juzi lakale. Anachipereka kwa Dolina ndi manja awiri, ngati khanda. Chinali chidutswa cha mwala, mbali imodzi yodulidwa mosalala ndi makina. Chinali ndi chilembo H, ndi theka la M.

"Sindinachitsuke," anatero. "Magazi ake ali pomwepo."

Bain anamuchenjeza monga mwa lamulo, kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Hector anamvetsera mpaka kumapeto mwaulemu.

"Ndakhala chete zaka 66, achimwene. Ndisiyeni."

Anakhala pa thumba la mchere.

"Ndinatsika kuphiri 2:45. Ndinaona bowo. Ndinaganiza kuti mwina mwala wang'aluka, aupititsa kokonza, chifukwa denga la mbali ya khitchini lakhala likudontha. Ndinakwera kukamufunsa. Nsapato ndinavula pakhomo, monga mwa masiku onse.

"Ndinamupeza akumanga timariboni. Anati, 'Hec, bwera udzaone, tapulumuka.' Anavundukula nsalu. Zidutswa zinayi. Anali wokondwa, mayi. Ndicho chimene sindikutha kuchimeza. Sanachite mwankhanza. Anati denga likufuna ndalama, alendo akufuna mbiri, mwalawu uli ndi zilembo ndiye ugulika bwino. Anati, 'Ndi wa anthu ena akalekale, palibe akuwadziwa.'"

Effie anatseka kumaso ndi manja.

"Ndinati, Torquil, H ameneyu ndi ndani? Anayang'ana. Anati, 'Kaya. Hamish?' Munthu amene anadutsa pansi pa mwalawo m'manja mwa mayi anga ali ndi masiku atatu. Munthu amene anasenza bokosi lawo pansi pake. Mayi anatifotokozera tonse awiri, pabedi limodzi, kangati? Ine ndinasunga. Iye anaiwala, chifukwa iye akanatha kuiwala.

"Ndinamuuza. Ndinamukumbutsa zonse, Balvarra, chombo, mmisiri. Anachita manyazi, ndinaona. Akanangoti pepani, bwenzi pano tikufunafuna simenti. Koma ufumu unamubwerera kukhosi. Anaimirira mowongoka, n'kunena ndi mawu a kusukulu kwake kuja, 'Mwala uliwonse wa nyumba ino ndi wanga, MacTorran. Ndipo poti wautchula, ndikupatsa chidutswa chimodzi ulere.' Anandiika ichi m'manja.

"Sananditchulepo MacTorran chibadwire. Ine ndinali Hec."

Kunja agalu anauwa, n'kusiya.

"Kamodzi kokha. Sindikukumbuka kukweza mkono, koma unali wanga, sindikana. Ndapha nyama zambiri, ndimadziwa ikapita. Anapita asanafike pansi."

"Bwanji simunathawe pomwepo?" anafunsa Dolina. "Munatsika mpaka kuno kudzatenga mchere, n'kukweranso. Aliyense akanakuonani."

Hector anamuyang'ana ngati wafunsa chinthu cha mwana.

"Ndikanamusiya choncho? Mkazi wake kulibe, mwana ali kutsidya kwa dziko. Wachibale wake muno ndi ndani? Ndinamuwongola, ndinamutseka maso, ndinamuchitira zomwe tinachitira mayi. Ndinakhala naye mpaka mvula itayamba. Ndimati ndikamwe madzi ndiimbe foni ndekha, koma miyendo inanditengera kuphiri. Pobwera ndinapeza uyu wafufuta zonse, wandidikirira ndi Baibulo la mayi m'manja."

"Ndinangoona kambale ndinadziwa," anatero Effie. "M'chigwa chonsechi atsala ndani wochita zimenezo? Anthu a masiku ano munthu akafa amayamba ndi kujambula maluwa. Ndiwe wekha, chitsiru iwe. Ukanangomusiya ngati galu, bwenzi pano akuvutitsa wa ku Texas."

"Sanali galu, Effie."

"Ndikudziwa kuti sanali galu! Matewera ake ndinachapa ine!"

Apo m'pamene analira, onse awiri, wina pathumba la mchere, wina atatsamira chitseko. Bain anapeza chinthu chofunika kwambiri choti ayang'ane kudenga. Dolina anadikira. Pa zaka 31 anaphunzira kuti mphindi zina sizilembedwa m'kabuku.

1:20 anatuluka. Unyolo Dolina sanautulutse. Hector anapempha kuti adyetse kaye agalu, anamulola. Anauza Bain kuti mbawala ija isakhale pambedza kupitirira Lachiwiri, ndipo Bain analemba ngati ndi umboni.

Atafika pagalimoto, Effie anali ataima kale pachitseko chakumbuyo cha galimotoyo, atavala chikhoti cha kutchalitchi, chikwama m'manja.

"Mayi, inu mutsale," anatero Dolina. "Tidzakuitanani."

"Ndinanama kwa apolisi. Ndinasokoneza umboni. Si mlandu umenewo?"

"Ndi mlandu."

"Waukulu?"

"Ndithu. Koma ndikhoza kudzakufunsani Lolemba, muli kwanu."

"Ndine woopsa, ndikhoza kuthawa. Ndimangeni lero."

"Effie, bwerera m'nyumba," anatero Hector. "Alendo makumi asanu ndi limodzi adya chiyani?"

"Adye timiyala tawo. Iwe usandilamule, ndinakusambitsa." Anatembenukira kwa Dolina, ndipo mawu anatsika. "Sanakwerepo galimoto kumbuyo osasanza. Ndi mamailosi 62, mayi. Pambuyo pake mumutenge, sindilimbana nanu. Koma mamailosi amenewa ndi anga."

Dolina anayang'ana Bain. Bain anayang'ana nkhosa.

"Sajeni, lemba kuti 1:24 tatenga anthu awiri."

Anatsegula chitseko. Effie analowa, anasunthira pakati, anakoka lamba wa mlongo wake n'kumumangira yekha. Galimoto itayamba kuyenda, anatulutsa m'chikwama masikono okulunga m'kansalu, anamuika limodzi m'manja.

"Idya. Kuyambira dzulo sunadye kanthu."

"Sindikumva njala."

"Sindinakufunse."

Hector anadya.